Sabumarini yanga ikungoyandama ngati chigubu

FUNSO: Ankolo, ine ndi mnyamata wa Fomu 3 wa ku Area 25. Ndinaona pa YouTube anthu akuyendetsa timasabumarini ta rimoti ndiye nane ndapanga yanga ndi paipi ya PVC ya 75mm yotalika 40cm, mota ndi rimoti ndinachotsa mu kagalimoto ka chidole. Mkati ndaikamo sirinji ya 60ml yokoka madzi koma olo idzadze chinthuchi chikungoyandama ngati chigubu. Nditaikamo miyala chinamira mpaka pansi pa diramu osabwereranso. Ndigule sirinji yaikulu kapena ndingozisiya?

YANKHO: Usazisiye mphwanga, komanso ndalama ya sirinji inayo sunga kaye. Pamene wafikapo ndi patali ndithu, sirinjiyo ilibe mlandu, vuto ndi kulemera kwa paipi yakoyo.

Kumbuka za Archimedes zija za mu Physics. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Paipi yako ikamira yonse imakankha madzi pafupifupi malita 1.8, ndiye kuti kuti imire iyenera kulemera cha mma 1.8kg pamodzi ndi batire, mota ndi zonse zili mkatimo. Tsono sirinji yako ikadzadza imangoonjezera magalamu 60 basi. Ngati chinthucho chikulemera kilo imodzi, magalamu 60 achita chiyani? Nde utaikamo miyala unapyola muyezo, olo sirinji ikanatulutsa madzi ake onse sikanatha kunyamula katunduyo, mpake chinagona pansi.

Chochita ndi ichi, ndipo apa ndi pofunika mtima wautali. Kokera madzi mu sirinji theka lokha, 30ml, uike sabumariniyo mu diramu kenako uzionjezera zolemetsa pang'onopang'ono, nati imodzi imodzi, kumapeto mawashala, mpaka ufike poti ukaikankha ndi chala ikuima pakatikati pa madzi, osakwera osatsika. Pamenepo ukatulutsa madziwo mu sirinji iyandama, ukadzadza sirinji imira. Zimatha kudya masana onse chifukwa washala imodzi yokha imasintha zinthu, koma ukadzaiona koyamba ikutsika mwakachetechete yokha uli chigwirire rimoti, kutopa konse kumatha.

Miyala ichotse. Imagubuduzika mkati ndiye mutu umaloza pansi mwadzidzidzi. Pita mma hardware a mu Malangalanga ukagule manati ndi mawashala, kapena upemphe timitovu tija amamata ku marimu kwa okonza matayala (ukagwira mtovu samba mmanja usanadye). Zolemetsazo zimatidwe ndi guluu pansi penipeni pa paipi, pamimba, zopepuka zikhale mmwamba, apo ayi izingotembenuzika chagada. Sirinji nayo ikhale pakati, ukaiika kutsogolo ndiye kuti ikadzadza mphuno imira matako ali mmwamba.

Sunandiuze kuti ukuikoka ndi chiyani sirinjiyo. Njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi ya bawuti yaitali ya M6 ndi nati yake, yozunguzidwa ndi mota ya magiya. Nati ikazungulira kamodzi bawuti imayenda milimita imodzi, ndiye pa mtunda wa masentimita ngati 10 wa sirinjiyo pafunika kuzungulira ka 100, pang'onopang'ono koma mwamphamvu, ndipo ukasiya batani imaima pomwepo madzi sangaibweze. Uike timaswitchi tiwiri kumapeto konse kuti mota izizima yokha, kupanda apo idzasolola pisitoni yonse, chokokera cha mu sirinji chija, madzi nkukhuthukira pa batire. Sirinjiyo ikhale yatsopano ya ku famase chonde, zotola kudzala la chipatala ayi.

China chomwe ambiri amaiwala, pisitoni ikamabwerera mmbuyo imapanikiza mpweya wa mkati mwa paipi, ndiye chivindikiro chongolowetsa chimatha kufwamphuka. Chimange bwino, paikidwe O-ring (mphete ya labala yotchinga madzi) yopakidwa girizi wa silicone, Vaseline amaononga labala wina. Usanaikemo zamagetsi tsekeramo tishu youma, uimize mu diramu usiku wonse, mmawa tishu ikakhala yonyowa ndiye kuti pali pomwe pakudontha.

Uonenso zomwe zalembedwa kuseli kwa rimoti yako. Ikakhala ya 2.4GHz, ngati mmene zilili zidole zambiri za masiku ano, siginolo yake imafera pamwamba pomwepo, ikangomira masentimita ochepa basi sikumvanso, mwinanso nchifukwa china chomwe sinabwerere tsiku lija. Zakale zija za eriyo yaitali, za 27MHz kapena 40MHz, zimalowa mita imodzi kapena awiri mmadzi opanda mchere ngati athu akuno, ndiye funsafunsa kwa ogulitsa zidole za kaunjika. Ukalephera kuipeza tulutsa eriyo ndi waya wapadera wa eriyo (coax), uimangirire ku kabotolo koyandama pamwamba.

Ndipo mphwanga, ndikudziwa mtima ukuthamangira ku mtsinje wa Lilongwe kapena ku damu ku Malingunde. Dikira. Madzi akuda sungaone komwe yalowera, ndipo sindikufuna kumva zoti unadumphira mmadzi kutsatira paipi. Khala pa diramu mpaka imire nkuyandama kakhumi motsatizana tishu ili youma, ndipo tsiku lopita ku madzi aakulu uimange twaini kumchira, pakhalenso munthu wamkulu pambali pako. Ikatheka unditumizire chithunzi tidzachiike pa tsamba lino.