Kodi mabakiteriya angayeretse madzi oipitsidwa ndi mekyule?

FUNSO: Akonzi, kwathu anyamata ena amagwiritsa ntchito mekyule posefa golide mumtsinje umene timatungamo madzi ndi kuwedzamo nsomba. Mwana wanga wandiuza kuti kuli mabakiteriya amene amadya mekyule. Kodi angatiyeretsere mtsinjewu? Ndine mayi wodandaula.

YANKHO: Mayi, mwana wanu sananame, koma mawu akuti "kudya" akhoza kukusocheretsani, pakuti palibe chamoyo chimene chingawononge mekyule, mabakiteriya amangoisintha mtundu.

Mekyule imakonda kumamatira pa sulufule, ndipo n'chifukwa chake ndi poizoni, popeza ikagwira sulufule wa m'mapuloteni a m'thupi, mapuloteniwo amaleka kugwira ntchito. Mabakiteriya ena, monga a mtundu wa Pseudomonas, amadziteteza pogwiritsa ntchito khalidwe lomweli. Pakati pa zikopa ziwiri zokuta selo yawo pali kapuloteni kotchedwa MerP, kamene kamapana mekyule ndi tizigawo tiwiri ta sulufule monga zala ziwiri zikamatola njere. Kenaka kamaipereka kwa puloteni wina wotchedwa MerT, wa pachikopa cham'kati, amene amailowetsa n'kuipereka kwa winanso wotchedwa MerA, monga amisiri amapatsirana njerwa dzanja ndi dzanja osalola kuti igwe pansi. MerA amaisandutsa mekyule youluka ngati nthunzi, ndipo imatuluka m'selomo. Chimandigometsa n'chakuti bakiteriyayo amalowetsa dala poizoni kuti amuchotse, komabe nthunziyo imangokwera mumlengalenga n'kukagwa kwina ndi mvula.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa za mtsinje wanuwo ndi gulu lina la mabakiteriya, monga Desulfovibrio ndi Geobacter, okhala m'matope apansi mopanda mpweya wa okosijeni. Amenewa akalowetsa mekyule amaisandutsa methylmercury, mtundu umene umawononga ubongo ndi mitsempha, makamaka ya mwana amene ali m'mimba. Majini (malangizo achibadwa a m'selo) awiri ochititsa zimenezi, hgcA ndi hgcB, anadziwika mu 2013. Poizoni yemweyu ndi amene anapundula ndi kupha anthu odya nsomba ku Minamata m'dziko la Japan, kumene matendawa anazindikirika mu 1956, ngakhale kuti kumeneko ankachokera mufakitale.

Methylmercury amalowa m'tizomera tam'madzi, kenaka m'tinsomba, ndipo amachulukirachulukira mu nsomba zikuluzikulu zodya zinzake. Poti amamatirira mumnofu weniweniwo, kutsuka, kuwamba kapena kukazinga nsombayo sikumuchotsa, choncho amayi oyembekezera a kwanuko apewe nsomba zikuluzikulu zogwidwa kumunsi kwa malo osefera golidewo.