Funsani Aphungu: Kodi Mwana Wanga Wapenga?

Funso: Mwana wanga wamwamuna wa zaka 22 wakhala akulankhula yekha kwa miyezi iwiri, ndipo amati pali anthu amene amamutukwana usiku, koma ife sitiwamva. Nsima yomwe ndaphika amaikana, akuti ndathiramo poizoni. M'buku lake la kuchipatala analembamo kuti psychosis, pomwe kumudzi akungoti wapenga. Kodi mawuwa akutanthauzanji?
Mayi wodandaula, Ntcheu

Yankho: Mayi, pepani ndi vutoli. Mawu akuti misala timanyamuliramo katundu wochuluka zedi, chifukwa wa khunyu, wosokonezeka ndi malungo aakulu, wosweka mtima ndi wosuta chamba, onsewa timawaika m'dengu limodzi, chonsecho matenda awo ndi osiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyananso.

Akatswiri a maganizo satcha munthu wodwala pongoona kuti khalidwe lake ndi lachilendo. Amafunsa ngati zimene zikumuchitikirazo zikumuzunza, ngati zikumulepheretsa kulima, kuphunzira kapena kukhala bwino ndi anzake, ngati zikuika moyo wake kapena wa ena pachiswe, komanso ngati anthu a chikhalidwe chake amaziona kuti n'zosazolowereka. Mfundo yotsirizayi ndimailemekeza kwambiri, pakuti namfedwa amene wamva ngati malemu amuna ake akumuitana patangopita masiku ochepa maliro ataikidwa sakudwala ayi, ali pachisoni.

Psychosis si dzina la nthenda imodzi, koma ndi mkhalidwe umene munthu amalephera kusiyanitsa zenizeni ndi zimene ubongo wake ukupanga. Kumva mawu kapena kuona zinthu zimene palibe, madokotala amati hallucination, pomwe kukakamira chikhulupiriro chabodza chimene umboni uliwonse sungachisunthe, monga nkhani ya poizoniyo, amati delusion. Dziwani kuti mwana wanuyo sakunama ndiponso sakukudani, mawuwo amawamvadi monga mmene inu mumamvera tambala akamalira, n'chifukwa chake kutsutsana naye kumangowonjezera mantha ake.

Zoyambitsa zake ndi zingapo. Chamba ndi mowa zimatha kuutsa vutoli, matenda ogwira ubongo monga malungo aakulu, HIV kapena khunyu nawonso amatero, ndipo ndi chifukwa chake a chipatala amayamba ayeza thupi. Zizindikiro zikapitirira mwezi popanda chifukwa china, amaganizira za schizophrenia, dzina limene dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, anapereka mu 1908. Mu 2022, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati nthendayi imagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300, ndipo kawirikawiri imayamba pa msinkhu ngati wa mwana wanuyu. Pali nthenda inanso yotchedwa bipolar, imene munthu amakhala masiku osagona, akulankhula mosalekeza ndi kudziona wamkulu, kenako n'kugwa m'chisoni chachikulu.

Chimene chimandipweteka ine ndi kuona odwala otere atamangidwa ndi zingwe kuseri kwa nyumba, pomwe mankhwala monga chlorpromazine ndi haloperidol amachepetsa mawuwo pakapita masabata angapo. Bwererani kuchipatala cha boma lanu mukafunse namwino woona za matenda a maganizo kuti akuuzeni dzina lenileni la nthendayo; vuto likakula amatumiza odwala ku Zomba Mental Hospital. Asasiye kumwa mankhwala akangoyamba kupeza bwino, chifukwa zizindikiro zimabwereranso, ndipo khosi likayamba kuuma kapena manja kunjenjemera, kanenani kuti amusinthire mlingo. Akadzatchula zodzipha kapena mawuwo akadzamulamula kuvulaza munthu, musamusiye yekha, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.