Kasinja wa rimoti pamchenga wa ku Chigwa: matcheni achitsulo ayambe adikira

Kalata yabwera pa imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Nchalo. Achimwene awo anawabweretsera kuchokera ku Joni kasinja wamng'ono woyendera rimoti, chifaniziro cha kasinja wankhondo wa ku Germany wotchedwa Tiger I, wopangidwa ndi kampani ya Heng Long, uja wa 1/16 (wochepa ka 16 poyerekeza ndi weniweni). Matcheni ake apulasitiki akumangovuka akakhota pamchenga, ndipo mbali imodzi yayamba kulira kwee koma osakoka. Asunga kandalama ndithu, ndipo akufunsa ngati ayambe ndi kuitanitsa matcheni ndi magudumu achitsulo. Pansi pa kalatayo awonjezera kamzere kamodzi: akunyumba akuti munthu wamkulu, wa ana ake, sangamataye ndalama pa chidole.

Achimwene, za matcheni ndiyankha. Koma kamzere komalizako ndi kamene kandibaya pamtima.

Ine ndinakulira ku Ngabu, ndipo ndinali mwana wa galimoto zamawaya. Waya tinkautola kumpanda wakale wa ng'ombe, kuuwongola ndi mwala, magudumu n'kudula ku patapata wotha. Anzanga ankakhutira galimoto ikangoyenda. Ine ayi. Ndinkafuna chiwongolero chokhotetsadi magudumu akutsogolo, ndinkafuna masipuling'i oti galimoto ikaponda chibuma inese ngati lole yeniyeni yonyamula thonje. Ndinkatha masana onse pansi pa mtengo wa masawu ndikupinda kawaya kamodzi. Malume anga, munthu wabwino amene anandilipirira sukulu, anandipeza tsiku lina n'kunena kuti manja amenewa akanakhala kumunda bwenzi tikudya. Sanandimenye. Anangoinyamula galimotoyo n'kuiponya padenga la khola, ndipo inachita dzimbiri komweko ine ndikuiona tsiku ndi tsiku.

Manja omwewo ndi amene lero amakonza mapampu a madzi ndi mainiveta a sola, ndipo ndi amene amadyetsa banja langa. Giya ndinaidziwa pa waya. Kusiyana kwa mphamvu ndi liwiro ndinakumva m'zala ndisanakuwerenge m'buku lililonse. Ndiye munthu akati chidole, mtima wanga umawawa, chifukwa ndikudziwa ana ambiri a luso amene analekezera panjira atamva mawu amenewo. Kuno kwathu bambo akhoza kuthera malipiro pa mowa kapena pa kubetcha mpira pafoni, anthu n'kumangoti ndi mmene alili amuna. Koma wina akakhala pakhonde ndi sikuludiraiva, ana ake atamuzungulira akuphunzira kuti waya wofiira amapita pati, ameneyo ndiye wapenga. Zimenezo ndimazikana. Ngati ufa uli m'nyumba, fizi yalipiridwa, ndipo mwakambirana ndi mayi akunyumba za ndalamayo poyera, palibe chochititsa manyazi. Mawu oti poyera ndawanena dala. Musabise mtengo wa zinthu zimenezi. Chimene chimaswa mtendere m'nyumba ndi kubisako, ndipo akunyumbawo ali ndi chifukwa chodandaulira, pakuti ndalama yathu yafooka. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Kachitsulo kalikonse kochokera kunja timakagula ndi dola, kuwonjezapo mtengo wotumizira ndi msonkho wa MRA. N'chifukwa chake sindikufuna kuti ndalama yanu ipite pa chinthu cholakwika poyamba.

Kasinja wanga ndi Tiger wa mtundu womwewo. Ndinamugula wogwiritsidwa kale ntchito kwa mnyamata wina wobwerera kuchokera ku South Africa, ndipo bodi yake, kachipangizo kamagetsi kolandira malamulo a rimoti n'kuyendetsa mamota, inali yakale ija ya RX-18. Ndinkamuyendetsa m'khwawa la mchenga kuseri kwa nyumba, ana a m'mudzi atandandalika m'mphepete. Magiya apulasitiki atadyeka, ndinaitanitsa magiyabokosi amene wogulitsa wina wa pa intaneti analemba kuti ndi a chitsulo. Phukusi linachedwa mpaka mvula inagwa n'kutha. Litafika ndinatenga maginito wa m'sipika yakufa n'kugunditsa pa magiyawo: sanamate. Anali a zinki, chitsulo chofewa chothira m'chikombole, chonyezimira bwino koma mano ake amatha msanga mchenga ukalowa. Wogulitsayo sanayankhenso. Ndinakwiya kwambiri, ndipo mpaka lero mawu oti "metal" pa malonda amenewa sindiwakhulupirira. Amabisa zambiri. Zinki ndi "metal", aluminiyamu ndi "metal". Funani pamene alemba "steel", kutanthauza chitsulo cholimba chimene maginito amamata, ndipo katundu akafika muyeseni ndi maginito musanamange.

Nthawi imeneyo inalinso nthawi ya mdima. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo ife a ku Chikwawa kuno amene tili pafupi ndi malowo tinkakhala maola ambirimbiri opanda magetsi. Batire la kasinja ndinkalitchaja pa sola. M'menemo ndinaona bwino mmene kutentha kwa kuno kumaphera mabatire. Amene amalemba malangizo a zinthuzi pa intaneti ambiri amakhala ku Germany kapena ku England, amayendetsa pa kapinga wonyowa, kunja kukuzizira. Sadziwa October wa ku Nsanje, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mchenga umawotcha phazi. Sadziwa makande athu, dothi lakuda lija limene likanyowa limamata ngati ulimbo, likauma limalimba mpaka kung'ambika. Iwo akati gulani zonse zachitsulo akunena zoona za kwawo. Kuno malangizo amenewo akhoza kukupherani kasinja.

Nkhani yake ndi kulemera. Matcheni achitsulo amakongola, amalendewera pa magudumu monga a kasinja weniweni, amalira ngwerengwere akamayenda, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mtima wanu wathamangira kumeneko. Koma ndi olemera kwambiri kuposa apulasitiki, ndiponso amagwira pansi mwamphamvu. Pokhota, kasinja amakwekwereza matcheni chammbali, ndipo mphamvu yonseyo imabwerera ku magiya. Giyabokosi yanu yadyeka kale ikukoka pulasitiki wopepuka. Mukaisenzetsa chitsulo, zili ngati kupakira matumba a thonje pa ngolo ya ekiselo yothetheka. Choyamba kutha ndi mano a magiya, kenako mpando wapulasitiki wa gudumu lakumbuyo lokungira tcheni umathyoka, kenako thupi lonse la pansi limayamba kupindika, matcheni n'kumavuka kuposa kale. Mamota amakoka moto wochuluka, bodi imatentha, ndipo yakale ngati RX-18 imadziwika kuti imapsa ikalemedwa. Ndalama imene munasunga imathera pokonza zimene matcheni atsopanowo aswa.

Tiger weniweni anavutikanso ndi zomwezi. Anayamba kupangidwa ku Germany mu 1942, analeka mu 1944, ndipo onse pamodzi anali pafupifupi 1,350 basi. Ankalemera matani oposa 50, atanyamula mfuti ya mamilimita 88, ndipo kulemerako kunkazunza injini ndi magiya mpaka ambiri ankafera panjira osawomberedwa n'komwe. Magudumu ake olowanalowana aja, amene mukuwaonanso pa kakang'ono kanuko, ankadzaza matope ku Russia, usiku matopewo n'kuuma ndi chisanu, m'mawa kasinja osasuntha. Kuno chisanu kulibe, koma makande ouma pakati pa magudumu amagwira chimodzimodzi. Mukayendetsa pa dothi lonyowa, tsukani magudumu tsiku lomwelo ndi kaburashi ka mano kakale. Mukasiya mpaka mawa, mota idzalimbana ndi dothi louma ndipo chidzagonja ndi giya.

Pali china chimene ndimakana kwamtuwagalu, ngakhale simunafunse. Akasinja amenewa amawombera timikanda tapulasitiki ta mamilimita 6. Ana a kuno sakhala patali, amagwada pafupi kuti asuzumire m'kamwa mwa mfuti. Ine ndinachotsa waya wa mfutiyo ndipo sindinaubwezerenso. Diso la mwana silingagulidwe, ndipo chipatala chili kutali kwa ambiri a ife, makamaka a tsidya la kum'mawa kwa Shire nthawi ya dzinja. Ngati mukufuna kumenyana ndi mnzanu wa kasinja wina, pali njira yowomberana ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, yosavulaza munthu. Utsi umene akasinjawa amatulutsa nawonso ndimauzimitsa masana. Kabokosi kake kamatenthetsa mafuta, kamadya batire, ndipo kakayaka kopanda mafuta kamapsa.

Poyambira penipeni

Gulani kaye magiyabokosi awiri a chitsulo cholimba, okhala ndi mabeling'i ngati thumba likulola. Musanaitanitse, tsegulani kasinjayo muyese shafuti, kachitsulo kotuluka m'giyabokosi kozunguza gudumu la mano, ndi rula, chifukwa alipo a mamilimita 48 ndi a 58, ndipo maonekedwe ake amasiyana malinga ndi mtundu wa kasinja. Wolakwika sakwana, ndipo kubweza katundu kuchokera ku Nchalo kupita ku China n'kosatheka. Ngati pali osankha, tengani oyenda pang'onopang'ono koma okoka mwamphamvu. Mamota a saizi ya 380 amene ali mmenemo akukwanira pakali pano. A 390 ali ndi mphamvu zoposa, koma amafuna moto wochuluka, ndiye adikire mpaka mutadziwa kuti bodi yanu ndi yatsopano, monga TK6 kapena TK7.

Chachiwiri sichifuna dola. Tsekani mchenga. Pakani girisi pang'ono pa magiya okha, kenako muwavundikire ndi kachivundikiro kodula ku botolo lapulasitiki, chifukwa girisi wosakanikirana ndi mchenga amapala mano ngati tupa. Pa matcheni ndi magudumu musathire oilo ngakhale dontho. Pamene shafuti imatulukira m'thupi ikani kansalu kokhuthala. Limbitsani thupi la pansi ndi kachidutswa ka aluminiyamu kopingasa, kamene amisiri a mawindo pa Nchalo pomwepo angakudulireni pa zotsala zawo. Kafani ka m'kompyuta yakufa kakhoza kuuzira bodi, ndipo anyamata okonza mafoni amakhala nato.

Kuvuka kwa matcheni kumene kukukuvutitsaniko nthawi zambiri kumachokera ku kukhwepa, kapena gudumu la mano losayang'anizana bwino ndi lakumbuyo. Yang'anani kasinjayo kuchokera kutsogolo muone ngati zili pamzere umodzi. Tcheni chikatalika, chotsani mfundo imodzi potulutsa kapini kake. Ndipo pamchenga wakuya musamazungulire pamalo amodzi, khotani mozungulira patali ngati lole.

Batire la masiku ano ndi la lithiamu, mavoti 7.4, timabatire tiwiri tolumikizana. Musalitchaje litangotuluka m'kasinja likadali lotentha, musalitchaje masana pansi pa malata, ndipo musalisiye m'galimoto yotseka. Tchajani m'mawa kapena usiku, pa simenti, muli pomwepo. Likatupa, lasanduka ngozi, lichotseni m'nyumba. Ena amatola timabatire ta lithiamu ta saizi ya 18650 m'malaputopu akufa. Zimatheka, koma pokhapokha tiwirito tikhale tofanana mphamvu ndipo pakhale kabodi koteteza. Yendetsani kasinja m'mawa kapena dzuwa likapendeka, ndipo muzigwira mota ndi chala: ikakana kugwirika, ipumitseni.

Matcheni achitsulo abwere pamapeto, ndipo abwere limodzi ndi magudumu a mano achitsulo, magudumu akumbuyo achitsulo ndi chokungira chake chachitsulo. Kugula matcheni okha n'kutaya ndalama. Ngati achimwene anuwo akubweranso pa Khirisimasi, ndi bwino iwo anyamule m'chikwama kusiyana ndi kudikira positi, chifukwa matcheni ndi olemera ndipo mtengo wotumizira umakwera ndi kulemerako.

Nditumizireni chithunzi cha mkati mwa kasinjayo, chooneka bodi ndi magiyabokosi onse awiri, komanso muyeso wa shafuti, kuti tione pamodzi mtundu woyenera musanalipire. Ndipo tsiku lomanga magiyabokosi atsopanowo muitane ana anu, mmodzi agwire tochi, wina asunge timasikuluwu m'chivundikiro cha botolo kuti tisasowe mumchenga.