Funsani Amakaniko: Kulira kwa teyala lakutsogolo ndi kunjenjemera kwa chiwongolero

Funso: Ndili ndi Toyota Corolla yakale ndithu, imene ndimayendera tsiku ndi tsiku kuchoka ku Chirimba kupita ku Limbe. Masiku ano ikangoyamba kuthamanga, kutsogolo kumamveka phokoso ngati la chigayo chapatali, ndipo ndikaponda mabuleki pamtsetse chiwongolero chimanjenjemera. Amakaniko ena andiuza kuti ndisinthe ma bearing ndi madisiki akutsogolo. Kodi zonsezi n'zofunikadi, kapena akungofuna kundidyera?
Wowerenga wa ku Chirimba

Yankho: Bambo, amakanikowo mwina sakunama, koma musatulutse ndalama galimotoyo isanayezedwe inu mukuona. Bearing, kachipangizo kamene kamathandiza teyala kuzungulira mosakhulana, ikatha imalira mogwirizana ndi liwiro la galimoto, osati la injini, ndipo kuliraku kumasintha mukamakhota. Kawirikawiri phokoso likakula mukukhotera kumanzere, yodwala ndi ya kumanja, chifukwa kulemera kwa galimoto kumatsamira kumeneko. Komabe teyala lodyeka mokhotakhota limaliranso chimodzimodzi, choncho yambani mwasinthanitsa mateyala akutsogolo ndi akumbuyo kuti mumve ngati phokosolo lasamuka.

Kugalaja, galimoto ikakwezedwa, gwirani teyala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamachita khwekhwe, pali chimene chatha, ngakhale kuti nthawi zina chimakhala ball joint, mfundo yachitsulo imene imalola teyala kukhota. Kenako lizungulizeni ndi dzanja limodzi, lina litagwira sipuling'i. Bearing yoonongeka imamveka kukhakhala m'zala ngati muli mchenga. Misewu yathu ya kuno ku Blantyre, makamaka dzinja likasiya maenje ndi zithaphwi, imafupikitsa moyo wa ma bearing, pakuti madzi akangolowa, girizi amasukuluka ndipo dzimbiri limayamba ntchito yake.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi chakuti mavuto anu awiriwa akhoza kukhala ndi gwero limodzi. Disiki, mbale yachitsulo imene mapadi a mabuleki amapana kuti galimoto iime, imakhala pa hub, chitsulo chimene teyala limamangidwapo, ndipo hub imazungulira pa bearing. Bearing ikayamba kusewera, disiki imazungulira mopendama, mapadi amaidya mbali zina kuposa zina, ndipo mapeto ake ndi kunjenjemera mukukumvako. Munthu woika disiki yatsopano pa bearing yotha amabwereranso kugalaja ndi dandaulo lomwe lija pakangopita miyezi yochepa. Choncho ngati thumba silikulola kuchita zonse nthawi imodzi, ndipo mabuleki akadali ogwira bwino, yambani ndi bearing. Sikuti nthawi zonse muyenera kusintha ma bearing a mbali zonse ziwiri. Ngati ya mbali inayo ili chete ndipo sikusewera, ikhoza kutsala.

Madisiki ndiye ayi, amasinthidwa awiri pamodzi ndi mapadi atsopano, kuopa kuti galimoto ingamakokere mbali imodzi poima. Kawirikawiri pa disiki pamadindidwa mawu akuti MIN TH ndi nambala ya mamilimita, kusonyeza kupyapyala kumene siyenera kupitirira, ndipo pa galimoto zambiri zing'onozing'ono malirewo amakhala pafupifupi mamilimita 2 kuchokera pamene inali yatsopano. Uzani amakaniko ayeze ndi chipangizo choyezera, osati ndi chikhadabo. Ngati ikadali yochindikala mokwanira, kupala disiki pamakina n'kololedwa, koma yopyapyala kale imatentha msanga, ndipo aliyense amene anatsikapo mapiri a msewu wa ku Chikwawa atanyamula katundu akudziwa kuti kumeneko si koyeserako mabuleki otentha.

Tsopano za kagwiridwe ka ntchitoyo, pamene zambiri zimaonongekera. Bearing ya kutsogolo kwa Corolla imalowetsedwa ndi makina otsindira, aja amati press. Mukaona mnyamata wapagalaja watenga hamala ndi chitsulo kuti aikhomere, muletseni mwaulemu, chifukwa kukhomako kumasiya timabala mkati, ndipo bearing yatsopano imayamba kulira isanathe ndi chaka chomwe. Ndi bwino kunyamula chitsulo chonse chimene bearing imalowamo n'kukalipira pang'ono kwa amene ali ndi press. Nati yaikulu ya pakati pa hub imangidwe pa mlingo umene buku la galimotoyo linanena, osati podumphira pa paipi yoikidwa ku sipanala, pakuti kumanga kopitirira ndi kosakwana komwe zonse zimapha bearing. Pamene disiki ikukakhala papalidwe dzimbiri mpaka pawale, disiki yatsopano ipukutidwe mafuta amene imabwera nawo, ndipo caliper, imene imagwira mapadi, imangiriridwe ndi waya m'malo moisiya ikulendewera pa paipi yake ya labala. Galimoto isakhale pa jeke yokha kapena pa njerwa pamene munthu akugwira ntchito.

Zipangizo zochotsa ku galimoto zina, zimene zili mbwee ku Ndirande ndi ku Limbe, zimatithandiza pa zinthu zambiri, koma ine bearing yogwirapo kale ntchito sindingakulangizeni, chifukwa mkati mwake simuoneka. Pitani kusitolo ndi nambala ya chassis, ndipo munene ngati galimoto yanu ili ndi ABS, chipangizo choletsa mateyala kuloka mukaponda mabuleki mwamphamvu.

Ntchito ikatha, pondani buleki kangapo galimoto isanasunthe mpaka ilimbe, onani ngati mafuta a mabuleki ali pa mzere wake, ndipo masiku oyambirira muziima pang'onopang'ono kuti mapadi akhazikike pa madisiki. Pakatha sabata, kaonetseninso manati a mateyala.