Agogo akuyankha: mkute, ndiwo zogona ndi ufa wofumbwa

Funso lachokera kwa mtsikana wina amene wangolowa kumene m'banja ndipo akukhala pa boma pa Mangochi. Akuti apongozi ake akabwera kuchokera ku Namwera amakalipa akaona mitanda ya nsima m'bini, pamene iye amaopa kudyetsa mwamuna wake zogona chifukwa cha kutentha kwa kuno ndi matenda a m'mimba. Anzake akumuuza kuti mkute ndi za kumudzi. Akufunsa kuti wolakwa ndani.

Mdzukulu wanga, apongozi ako akunena zoona, koma nawenso mantha akowo ali ndi chifukwa. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapweteka kwambiri boma lathu lino, ndiye munthu wosamala zolowa m'kamwa mwa banja lake sitimuseka. Kungoti makolo sankanena kuti idyani chilichonse ngakhale chanunkha. Ankati phika moyeza, ndipo chotsala uchidziwe kopita. Anzako onyoza mkutewo asiye, sakuthandiza kugula ufa.

Vuto lako likuyambira pa mbaula. Kuchuluka kwa nsima kumachokera pa madzi amene watereka, chifukwa ukatereka ambiri umangothira ufa mpaka ilimbe, kenako n'kudabwa kuti poto wadzaza. Sankha kapu imodzi yoyezera madzi, usamasinthe. Kwa sabata yathunthu uziwerenga mitanda yobwerera kukhitchini. Ikamabwerera iwiri kapena itatu tsiku ndi tsiku, chepetsa madzi ndi kapu imodzi, uonenso mawa lake. Poomola gwiritsa chipande chaching'ono, ndipo mitanda uziika m'mbale imodzi ya pakati kuti aliyense azitenga umodzi akamaliza wina. Mtanda umene munthu waunyema ndi dzanja la msuzi sungagone, umasasa usiku womwewo. Umodzi wa mlendo usiyepo ndithu, mwambo umenewo ndi wabwino, koma ukhale umodzi, osati poto wachiwiri.

Nsima yosakhudzidwa imagona usiku umodzi popanda vuto ukaisamala. Usaitsekere ikadali yotentha m'kontena kapena m'jumbo, chifukwa thukuta lake limabwerera pamwamba n'kuiyambitsa kulenda. Ivundikire ndi lichero kuti nthunzi ituluke koma ntchentche zisalowe, ndipo uiike pamwamba, pamalo podutsa mphepo. M'mawa idule mopyapyala, uiotche pa makala mpaka itenthe ndi m'kati momwe, anthu amwere tiyi. Kapena iphwanyire m'madzi owira, utakase mpaka mibulu ithe, uthire nsinjiro, libwate bwino likhale phala la ana. Usanatero inyeme uione. Ikamatuluka ulusi ngati therere, kapena ikamanunkha mowawasa, yatha ntchito imeneyo. Ndipo mkute sugona kawiri.

Ndiwo ndiye zovuta. Mu Okutobala ndi Novembala, nyemba kapena masamba otendera zophika masana zimatha kusasa dzuwa lisanalowe, choncho miyezi imeneyi uziphika zothera pomwepo. Nsomba kapena nyama ikatsala mumphika, ibwatitse usanagone mpaka msuzi wonse uwire, uvundikire, ndipo wina asapisemonso supuni. M'mawa ubwatitsenso musanadye. Kungofunditsa pang'ono kuti zikhale zofunda n'koipa kuposa kuzisiya, poti tizilombo timaswana bwino m'chakudya chofunda. Ukaona thovu pamwamba poto asanafike pa moto, usalawe n'komwe.

Mpunga uchenjere nawo kuposa zonse, chifukwa umanamiza. Ukakhala maola ambiri pamalo otentha, tizilombo tina timasiyamo poizoni amene satha ngakhale uukazinge, ndipo mpungawo sununkha. Munthu amangoyamba kusanza. Ngati m'nyumba mulibe firiji, mpunga phika wokwanira chakudya chimodzi. Ngati ilipo, wotsala ulowemo pasanathe maola awiri chiphikireni, m'mbale yosazama kuti uzizire msanga. Magetsi akazima usamatsekuletsekule chitseko. Firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, pamene mbali youmitsa ija, ikakhala yodzaza, imapirira mpaka masiku awiri. Nsomba ikasungunuka iphike tsiku lomwelo.

Achinyamata a m'mbali mwa nyanja mumataya nsomba chifukwa chokopeka ndi mtengo. Usipa ukatsika mtengo ku Msaka kapena ku Malembo mumagula chidebe chonse, kufika kunyumba n'kuumangira m'jumbo. Usipa wouma umafuna mpweya. Uike m'dengu kapena m'thumba la ziguduli, upachike mmwamba, ndipo kamodzi pa sabata uuyanike pa dzuwa n'kupeta fumbi lake, chifukwa m'fumbimo ndi mmene tizilombo timabisala. Wauwisi ukachuluka ufutse: uviike m'madzi owira a mchere mphindi zochepa, uutsanule, uuyale pa thandala mosaunjika, osati pansi pa mchenga. Chambo kapena kampango umng'ambe ukangofika, uchotse zam'mimba ndi zofiira za m'mutu zimene nsomba imapumira, poti kuvunda kumayambira mmenemo. Upake mchere, uwambe pa moto wa makala ochepa ndi utsi, osati malawi, chifukwa malawi amapsereza kunja m'kati mukadali madzi. Mankhwala a m'munda kapena a chimanga asayandikire nsomba ngakhale ntchentche zivute motani.

Chakudya chambiri chimatayika chisanafike mumphika, anthu osachiwerengera. Pita kuchigayo ndi chimanga cha masabata awiri kapena atatu basi, makamaka ngati ndi mgaiwa, chifukwa uli ndi mafuta a mtima wa chimanga ndipo kukatentha umayamba kuwawa msanga. Ufa ukachoka kuchigayo umakhala wotentha. Uyanike pa mphasa uzizire ndi kuuma usanautsekere m'ndowa, kupanda kutero umachita zibuma ndi fungo. Madeya usawasiye kuchigayo. Ndi chakudya cha nkhuku, ndipo ngati suweta alipo ogula.

Thumba la chimanga lisagone pa simenti kapena kutsamira khoma, uliike pa matabwa. Usanasoke thumba yesa ngati chauma: tenga botolo lagalasi louma, uthiremo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ya mchere woumitsitsa, utseke, ukhutchumule, usiye kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere pa dzuwa. Matumba a PICS, a mapepala awiri m'kati aja, amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda mankhwala, koma amagwira ntchito pokhapokha pepala lililonse ulifinye mpweya n'kulimanga palokha, ndipo lisabooke. Tsono pali chimodzi chimene ngakhale apongozi ako ayenera kuvomera kuti chitayidwe: chimanga kapena mtedza wa chuku. Chuku china chimapanga poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Usagayitse, usaphikire thobwa, usapatse nkhuku. Sankha njere zonse zosintha mtundu ndi zofota, ukazikwirire.

Nthawi ya dzinja nkhwani, chitambe ndi khwanya zimachuluka mpaka kufotera m'khitchini, ikafika Seputembala kamulu kamodzi n'kukwera mtengo. Mfutso ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Tsuka masamba anthete, nkhwani uisadzule, uviike m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Ukapitirira pamenepo masamba amaphikika n'kumatana, ndipo sauma bwino. Yala mopyapyala pamalo okwera, uzitembenuza, mpaka azifumbutuka ukawafinya. Kale ankamanga m'chikwatu n'kupachika pamwamba pa moto. Lero chitini chouma chotseka bwino chikwanira, bola mfutsowo uume kaye, chifukwa wachinyezi umachita chuku sabata isanathe. Mango oyamba a mu Novembala, mvula isanakhazikike, amayanikika chimodzimodzi: sankha akupsa koma olimba, senda, dula mopyapyala, funditsa kansalu kopepuka koyera. Usafunditse neti ya udzudzu, ili ndi mankhwala. Tomato wofewa usadikire kuti avunde, muphike yense lero ndi mchere ndi mafuta pang'ono, ukhale msuzi wa mawa.

Pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa sadaka ndi pamene timataya mopanda manyazi, chifukwa aliyense akuopa kunenedwa kuti chakudya chinachepa. Akulu anati chakudya sichichepa, chimachepa n'chovala, kutanthauza kuti chochepacho anthu amagawana. Sanatanthauze kuti tiphike mapoto oposa anthu. Ukapatsidwa udindo wa kukhitchini, phika m'magawo awiri, lachiwiri literekedwe ukaona anthu amene abweradi. Ana uwagawire m'mbale zawo zochepa, wofuna abwerenso. Chotsala m'mapoto chigawidwe kwa ophika, anansi ndi okalamba a m'mudzimo chikadali chotentha, osadikira kuti mwambo uthe usiku mpunga utagona kale pa dzuwa.

Zotsala zenizeni uzipatule pawiri. Makoko a nthochi ndi mbatata, masamba ofota ndi phulusa zipite m'dzenje la kuseri, uzikwirira ndi dothi pang'ono nthawi iliyonse, pakapita miyezi ingapo ukhala ndi manyowa a dimba. Mamba ndi matumbo a nsomba ukwirire mozama, agalu angafukule. Majumbo asalowe m'dzenjemo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) mu 2015, koma akupezekabe pa msika, ndipo jumbo yonunkhira ndiwo mbuzi imameza n'kuyamba kuonda mwini wake osadziwa chifukwa. Majumbo ena mvula imawakokolola m'ngalande mpaka mu Shire, n'kukathera ku Malombe kumene timagula kambuzi. Popita kumsika nyamula dengu ndi kontena yako ya nsomba.

Apongozi akadzabweranso usawayankhe za tizilombo pamaso pa mwana wawo. Uwatengere kukhitchini, uwaonetse kapu yako yoyezera, uwapemphe kuti akuphunzitse kufutsa chitambe mmene amachitira ku Namwera. Za mpunga ndi chuku uwafotokozere muli awiri, mwaulemu, ndipo ngati zikukuvuta kuyamba, mwamuna wako ndiye ayambitse nkhaniyo kwa mayi ake.