Kuika giyabokosi ya magiya 5 mu MGB yakale

Funso: Ndili ndi MGB ya mu 1972, galimoto ya kampani ya MG ya ku Britain, imene anandisiyira malemu bambo anga, ndipo ili ndi magiya 4 okha. Mu Lusaka muno imayenda bwino, koma ndikatenga Great East Road kupita kwathu ku Katete, injini imalira kwambiri moti pofika pa mlatho wa Luangwa makutu amakhala atalema. Anzanga akuti ndiike giyabokosi ya magiya 5 kuti izithamanga kwambiri. Kodi zimenezi ndi zotheka, nanga sindiwononga galimoto?

Yankho: Bambo, ndi zotheka ndithu, ndipo eni ake a MGB m'mayiko ambiri akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Koma anzanuwo akulonjezani chinthu chimene giya yachisanu singakupatseni. Giya imeneyi siwonjezera mphamvu ya injini, ndipo liwiro lomalizira la galimoto silisintha kwenikweni. Ntchito yake ndi kupumitsa injini pa ulendo wautali. Mu giya 4, injini ikazungulira kamodzi nayo propshaft (shafti yaitali yochokera ku giyabokosi kupita ku diff ya matayala akumbuyo) imazungulira kamodzi, ndipo popeza diff ya MGB ndi ya 3.9 (propshaft imazungulira ka 3.9 kuti matayala azungulire kamodzi), mukamayenda makilomita 100 pa ola injini imazungulira pafupifupi ka 3,500 pa mphindi. Kulira kumene kumakutopetsaniko kumachokera pamenepo. Giya 5 ya 0.82 (injini imazungulira ka 0.82 kokha kuti propshaft izungulire kamodzi) imatsitsa chiwerengerochi kufika cha m'ma 2,850 pa liwiro lomwelo, motero phokoso limachepa, petulo amapulumukako, ndipo injini ya zaka zoposa 50 simaperepeseka msanga.

Giyabokosi imene amakaniko ambiri amasankha ndi Type 9 ya Ford, yomwe inkabwera mu Sierra kuyambira mu 1982 komanso mu Capri zomalizira. Amaikonda chifukwa bellhousing yake, chigoba cholumikiza giyabokosi ku injini, imamasuka payokha ndi mabawuti, choncho munthu amachotsa ya Ford n'kumanga ina yopangidwira injini ya MG, popanda kucheka thupi la galimoto. Pali ya mainjini a masilinda 4 ndi ina ya V6 imene shafti yake yakutsogolo ndi yaitali, ndiye musanapereke ndalama funsani kuti bellhousing imene mukuitanitsayo inapangidwira iti. Ena masiku ano akuika giyabokosi ya Mazda MX-5, imene ndi yatsopanoko ndipo magiya ake amalowa mofewa kwambiri.

Dziwani kuti giyabokosi yokhayo ndi theka chabe la ntchito. Pamafunika chitsulo chatsopano chonyamulira giyabokosi kunsi, kabushi ka kumbuyo kwa crankshaft kogwirizana ndi shafti ya Ford, mbale ya kilatchi imene mano ake akulumana bwino ndi shaftiyo, chingwe cha speedometer, ndiponso propshaft ina, chifukwa ya MGB imamangidwa ndi mabawuti pamene ya Type 9 imalowa kumchira n'kumaseserekamo. Pa propshaft pamenepa ndikuchondererani kuti musafune zotchipa. Ndinalandirapo galimoto ina imene munthu anangodula propshaft ndi kuiwotcherera kuseri kwa nyumba osaipititsa pa makina oyezera kulemera kwa mbali zake. Inkanjenjemera ikangofika pa 80, ndipo pasanapite nthawi inali itadya seal ya kumchira n'kuyamba kutaya oilo. Mwini wake analipira kawiri.

Oilo nayenso amasintha. Giyabokosi ya MGB imamwa oilo wa injini wa 20W-50, pamene Type 9 imafuna oilo wa magiya wa 75W-90. Uzani mnyamata aliyense amene azikugwirirani sevisi, chifukwa akaona chizindikiro cha MG adzathira zimene anazolowera. Ndipo popeza pa MGB injini ndi giyabokosi zimatulukira pamodzi kumwamba, sinthirani kilatchi yonse nthawi yomweyo ngakhale ikuoneka kuti idakali ndi moyo.

Funso: Ndamvanso za overdrive. Kodi imeneyo ndi yosiyana bwanji ndi magiya 5?

Yankho: Ikanakhala galimoto yanga, ndikanayamba kufufuza imeneyi. MG inkagulitsa MGB zina zili ndi overdrive ya Laycock, kabokosi komangidwa kumbuyo kwa giyabokosi kamene kamalowa ndi switch ya magetsi pa giya 3 ndi giya 4, osaponda kilatchi. Ya mtundu wa LH, imene ndi ya zaka za galimoto yanu, nayonso ndi ya 0.82, kotero pa msewu mudzamva mpumulo womwewo umene Type 9 ikanakupatsani, koma galimoto ya bambo anu idzakhalabe ya MG kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Kwa ine zimenezi n'zamtengo wapatali, ndipo ogula magalimoto akale nawonso amazilemekeza. Vuto ndi lakuti simungangomanga overdrive pa giyabokosi imene muli nayo, chifukwa shafti yaikulu yam'kati ndi yosiyana, choncho muyenera kupeza giyabokosi yathunthu yokhala nayo kale. MGB inasiya kupangidwa mu 1980, ndiye giyabokosi iliyonse yotere imene mungaipeze ndi nkhalamba yofunika kutsegulidwa ndi kuonedwa. Overdrive imafunanso oilo woyera ndi mawaya abwino, popeza solenoid, kachipangizo ka magetsi kamene kamailowetsa, ikangosowa magetsi overdrive siilowa.

Funso: Wina wandiuza kuti ali ndi Type 9 yochotsedwa mu Sierra yakufa. Ndiigule?

Yankho: Musaigule musanatsegule chivundikiro cha pamwamba. Yang'anani mano a magiya ndi mphete za synchro (zothandiza magiya kulowa osakukuta), khuthulani oilo kuti muone ngati muli tizidutswa ta chitsulo, gwedezani shafti yakutsogolo kuti mumve ngati bearing yatha, ndipo lowetsani magiya onse mukupotoza shaftiyo ndi dzanja. Imene yagonera mvula pabwalo kwa zaka imakhala ndi dzimbiri m'kati ngakhale kunja itapakidwa penti.

Ntchito ikatha, yezani speedometer poifanizira ndi GPS ya pa foni musanakumane ndi apolisi a pamsewu. Giyabokosi yakaleyo musaigulitse kwa ogula zitsulo. Ithireni oilo n'kuisunga m'nyumba mouma pamodzi ndi propshaft yake, kuti amene adzafune kubweza galimoto mmene inalili adzathe kutero. Kumbukiraninso kuti Lusaka ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo injini ya 1,798 cc yopanda turbo imataya gawo la mphamvu zake mu mpweya wopepuka wa kuno. Giya 5 muziigwiritsa ntchito pa msewu wosalala monga wopita ku Chongwe, koma mukafika pa zitunda za Manenekera bwererani ku 4 kapena ku 3 injini isanayambe kubanika.