Malizani uphunzitsiwo, mpira simuusiya

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata amene ali m'chaka chachiwiri pa koleji ina yosula aphunzitsi a sekondale, ndipo amasewera kutsogolo m'timu ya kolejiyo. Akuti timu ina ya mu ligi ya m'chigawo yamulonjeza malo, ndiye akufuna kusiya sukulu kuti adzipereke ku mpira, pomwe bambo ake amubisira nsapato zosewerera n'kumuuza kuti mpira sudyetsa munthu. Akufunsa kuti amvere ndani. Makalata otere amandipeza kawirikawiri, ndipo yankho langa silisintha: nonse awiri mukulakwitsa.

Ndiyambe ndi inu, achimwene. Ligi yaikulu ya mpira m'dziko muno ili ndi matimu 16 okha, ndipo ngati pa msinkhu wanuwu Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers sanakuitaneni ngakhale kukayesedwa, mwayi woti mudzadyere mpira ngwochepa kwambiri. Inu mumakumbukira chigoli cha patali chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco mu Januwale 2022, koma simuwerengera anyamata amene bondo linawathera pa bwalo la fumbi, opanda satifiketi, opanda ndi wowalipirira kuchipatala yemwe. Lonjezo la pakamwa la timu ya m'chigawo silokwanira kutayira maphunziro amene ena akuwalirira.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi ya mphunzitsi amene alinso kochi, ndipo anthu amaipeputsa chifukwa ilibe phokoso. John Wooden anali katswiri wa basketball pa yunivesite ya Purdue ku America, koma atamaliza mu 1932 anakhala zaka 11 akuphunzitsa Chingerezi ndi kusula matimu a sekondale ku Dayton ndi ku South Bend, asanadzatenge zikho 10 ngati kochi wa timu ya yunivesite ya UCLA. Morgan Wootten, kochi winanso wa basketball ku America komweko, sanachoke n'komwe pa sekondale: anakhala pa sukulu ya DeMatha kuyambira 1956 mpaka 2002, m'kalasi akuphunzitsa mbiri yakale, pabwalo akusula osewera. Kuno kwathu munthu wotereyu mumamudziwa. Ndi mphunzitsi wa pa CDSS uja amene belu lomaliza likalira amasasa choko m'manja, n'kutenga wezulo, n'kutuma ana a Fomu 1 kuti akathire phulusa m'mizere ya bwalo pomwe iye akupopa mpira umodzi wokhawo umene sukulu ili nawo. Osewera ambiri amene timawaombera m'manja lero anadutsa m'manja mwa anthu otere, m'mipikisano ya sukulu imene bungwe la MASSA limayendetsa.

Sindikunamizani kuti uphunzitsi ndi wolemeretsa, chifukwa malipiro ake ngochepa, kukwezedwa kumachedwa, ndipo ukochi wa pasukulu nthawi zambiri umangokhala wongodzipereka. Komabe malipirowo amabwera ngakhale mwendo utathyoka, ndipo amafika mpaka pa penshoni.

Kwa inu bambo, kubisa nsapato n'kuchita zachibwana, pepani kunena. Mwana wanuyu ali ndi luso limene aphunzitsi anzake ambiri sadzakhala nalo, ndipo mukamuumiriza kusankha chimodzi, adzasankha mpira pongofuna kukuonetsani kuti wakula. M'bwezereni nsapatozo, mumuuze kuti chimene mukufuna kuona ndi zotsatira za mayeso a semesita ino.

Inunso achimwene, pitirizani kusewerera koleji, ndipo ngati timu ya m'chigawoyo ikukufunanidi, ivomere kuti muziisewerera kumapeto kwa sabata ndi pa holide. Fufuzani ku FAM nthawi imene maphunziro a ukochi oyambira, a CAF D, adzachitike, muyambe kusunga ndalama zake panopa. Mukadzapita kokaphunzitsa moyeserera, mukapemphe ahedi kuti akupatseni timu ya sukuluyo, ndipo mudzandilemberenso teremuyo ikadzatha.